Mmene mungayambitsire njinga zobwerekana m'dera lanu muno mu Lilongwe

Amene mumakhala ku Area 25, Chinsapo, Area 36, Mtandire kapena Kawale mukudziwa kuti maulendo amene amatidyera ndalama mwakachetechete si a kutawuni okha ayi, ndi timaulendo tam'dera momwemo, kuchoka panyumba kukafika pa siteji, kupita kuchigayo, kusikelo ndi mwana, kukapikula tomato m'mamawa, kukasiya chakudya kwa wodwala. Minibasi silowa m'tinjira tathu ta fumbi, akabaza alipo inde ndipo amatithandiza kwambiri, koma ukamakwera kupita ndi kubwera tsiku ndi tsiku, ukawerengera pakutha pa mwezi mutu umazungulira. Kugula njinga yakoyako nako masiku ano si masewera, chigwereni kwacha mu 2022 ndi mu November 2023 muja katundu wochokera kunja yense anakwera. Komanso kunena zoona ambiri a ife njinga timaifuna ola limodzi kapena awiri patsiku basi, maola ena onsewo ingangokhala itatsamira khoma. Apa ndi pamene pakubwera nkhani ya njinga zobwerekana, ndipo ine ndikukhulupirira ndi mtima wonse kuti muno mu Lilongwe zikhoza kutheka popanda kudikira kampani yakunja kapena app yapamwamba.

Kwa amene simunamvepo, m'mizinda ngati Paris, London, New York ndi Hangzhou njinga zimaima m'mbali mwa msewu pa timasiteshoni, munthu amatsegula ndi khadi kapena foni, n'kupalasa kupita kumene akufuna, kumeneko amaisiya pa siteshoni ina wina n'kuitenganso, ndiye njinga imodzi yomweyo imathandiza anthu angapo patsiku. Kuno ku Africa zinafikanso, ku Marrakech zinayamba mu 2016 nthawi ya msonkhano wa zanyengo wa COP22, ku Kigali mu 2021, ku Cairo mu 2022.

Koma musanathamangire kukagula njinga mverani kaye mmene anzathuwa anapunthwira, chifukwa mavuto awo ndi omwewo amene adzakupezeni. Ku Amsterdam mu 1965 gulu la achinyamata lotchedwa Provo linapenta njinga zoyera n'kuzisiya mumsewu zosakhoma kuti aliyense azingokwera, sizinakhalitse, zina apolisi analanda zina zinasowa. Ku Copenhagen mu 1995 anayesa zoti uziponya ndalama yachitsulo kuti njinga itseguke, ukabweza ndalama yako imatuluka, komabe njinga zinkasowa chifukwa kandalama kochepako munthu ankatha kukataya, ndipo palibe amene ankadziwa dzina la wotenga. Zinthu zinayamba kuyenda pamene anabweretsa makadi olembetsa dzina, ku Rennes mu 1998, ku Lyon mu 2005, kenako Vélib' ya ku Paris mu 2007 imene inatchuka dziko lonse. Ndiye ku China kunabwera makampani ngati Ofo ndi Mobike, njinga zotsegula ndi foni zosiya paliponse, anazithira m'mizinda zambirimbiri mpaka zinaunjikana milu zowonongeka zopanda wokonza, ndipo kumapeto kwa 2018 Ofo itagwa anthu ankavutika kuti abwezeredwe ndalama zawo za chikole. Mukaona nkhani zonsezi, zimene zimapha ntchitoyi ndi kusadziwa kuti njinga ili ndi ndani, kusowa wokonza, ndi kudya ndalama za chikole. Zitatu zonsezi ife tili ndi njira yothana nazo kale, amayi athu amayendetsa banki mkhonde ndi kope limodzi, bokosi ndi kudziwana, palibe kompyuta. Njinga zobwerekana za m'dera ziyende chimodzimodzi.

Choyamba pezani anthu, njinga zibwere pambuyo. Anthu khumi mpaka khumi ndi asanu ndi okwanira poyambira, odziwana nyumba zawo, oti aliyense angathe kuyenda wapansi mphindi zosapitirira khumi kukafika pamalo amodzi. Akhoza kukhala a mpingo umodzi, a mzere umodzi wa nyumba za lendi, ogulitsa pamsika umodzi, ngakhale a banki mkhonde yomwe ilipo kale, amenewo ndiye abwino kuposa onse chifukwa anazolowera kale kusonkha ndi kulipira chindapusa osakwiya. Mukasonkhana musayambe ndi nkhani ya ndalama, aliyense alembe kwa sabata ziwiri maulendo ake afupiafupi, nthawi imene wachoka, kumene wapita, nthawi imene wabwera. Gawo limeneli anthu amaliona ngati lotaya nthawi koma ndi limene lidzakuuzeni ngati gulu lanu lingagawane njinga kapena ayi. Ngati anthu asanu ndi atatu onse amanyamuka 6 koloko m'mawa kupita kuntchito ku Kanengo n'kubwera madzulo, amenewo sangabwerekane, aliyense akufunika yake, mwina apange chipereganyu chogulirana njinga mmodzimmodzi. Gulu loyenda bwino ndi losakanikirana, wina wopikula kumsika mbandakucha, mayi wopita kusikelo cha m'ma 9, telala wokagula ulusi masana, mnyamata wopita kukalasi yamadzulo. Mukaika mapepala aja pamodzi mudzaona nokha kuti pa ola lotanganidwa kwambiri pamafunika njinga zingati, nambala imeneyo ndiye muyambire, nthawi zambiri ndi zitatu kapena zinayi basi.

Kenako malo. Siteshoni yanu si chitsulo chamagetsi ngati ku London, siteshoni yanu ndi munthu, munthu wopezeka pamalo amodzi kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Akhoza kukhala wa golosale, ejenti wa Airtel Money kapena Mpamba wa pa kanyumba paja, mayi wophika mandasi pakhomo pake. Koma kwa ine palibe woposa bambo wokonza njinga wa pansi pa mtengo, dera lililonse alipo, chifukwa iye njinga ikamabwera amaimva kulira isanaime n'komwe, amadziwa kuti iyi limu yapindika, ndipo pampu ndi sipanala zili pomwepo. Mukakambirane nawo mwaulemu, osati ngati mukuwapempha chithandizo chaulere, iyi ndi ntchito ndipo azilandira kenakake mwezi uliwonse, mugwirizane pasadakhale. Usiku njinga zizigona mkati mwa mpanda kapena m'nyumba ya membala wapafupi, zomangidwa pamodzi ndi tcheni chimodzi chachikulu. Kadziwitseni amfumu kapena a block leader a dera lanu kuti mwayamba zimenezi, tsiku la mkangano kapena njinga ikabedwa mudzawafuna. Ngati mukufuna kumanga kashedi m'mbali mwa msewu, funsani kaye ku khonsolo ya mzinda musanakhome msomali.

Tsopano kugula njinga, apa ndikhalapo pang'ono chifukwa ndi pamene ndalama zambiri zimatayikira. Gulani njinga za mtundu umodzi zonse, matayala a saizi imodzi, kuti chubu chimodzi cha sipeya chikwane paliponse ndipo ina ikafa zitsulo zake zikapulumutse inzake. Zopanda magiya. Ndikudziwa achinyamata m'gulumo adzakakamira ma mountain bike a kaunjika aja owoneka bwino, koma njinga yogwiridwa ndi manja khumi ndi asanu magiya ake sachedwa kusokonekera, wina amasintha ataima, wina akukwera chitunda ndi thumba kumbuyo, ndipo zitsulo zake iliyonse ndi zakezake, mudzazungulira Malangalanga yonse kufuna kachitsulo kamodzi. Onani zimene akabaza ndi onyamula makala amakwera, njinga zakuda zolemera zija, iwo anaziyesa kale m'misewu yathu ndipo masipeya ake ali pamsika uliwonse. Ziliponso za Buffalo zimene anazipanga dala kuti zizipirira misewu yakumudzi, kaliyala wake amanyamula mpaka makilogalamu 100, mtengo wake ndi wokwererapo koma gulu likakwanitsa ndi zolimba. Ndipo chonde, mwa njinga zanuzo imodzi kapena ziwiri zikhale zopanda chitsulo chapamwamba chopingasa chija, zachizimayi, kuti mayi wovala chitenje kapena agogo akwere bwinobwino osachita kudumpha. Magulu ambiri a zinthu ngati izi amathera m'manja mwa abambo okha chifukwa cha tinthu ngati timeneti.

Ngati mukugula yakale pitani ndi wokonza uja. Aone fulemu malo onse owotcherera ngati palibe mng'alu, makamaka pansi pamene pamazungulira mapedulo ndi kutsogolo kumene foloko imalowa, penti watsopano pamalo amodzi okha nthawi zambiri akubisa kanthu. Anyamule njinga azungulitse tayala, likamayenda mokhotakhota ngati likuvina ndiye kuti limu kapena masipoko ali ndi vuto. Agwedeze pedulo cham'mbali, likamagwedera mabelingi atha. Ndipo funsani umwini, risiti kapena kalata yogulitsirana yosainidwa pamaso pa mboni, njinga yotchipa modabwitsa yogulitsidwa mothamanga isiyeni, mungadzapezeke gulu lonse mukuyankha mlandu wa katundu wakuba.

Zikafika, tsiku lomwelo chitani zinthu izi musanalole aliyense kukwera. Tembenuzani njinga iliyonse, pansi pa fulemu kapena pafupi ndi chishalo pamakhala nambala yodinda pachitsulo, ilembeni m'kope ndipo muijambule pafoni, chithunzicho chipite pa gulu la WhatsApp kuti chikhale m'mafoni ambiri. Kenako pentani zonse mtundu umodzi wowala, wachikasu kapena wobiriwira wowala, fulemu yonse ndi madigadi omwe, n'kulemba nambala yaikulu 1, 2, 3 ndi dzina la gulu. Makampani akunja aja amapanga dala njinga zawo kuti zisafanane ndi zina zilizonse, cholinga chake wakuba avutike kugulitsa. Kwa ife penti amagwira ntchito yomweyo, ndipo amachitanso china, dera lonse limazidziwa, mwana wa aneba akaiona ili ku Biwi pomwe kwawo ndi ku Area 23 adzanena. Ikani belu, marifulekita kutsogolo ndi kumbuyo, loko wolimba pa njinga iliyonse, makiyi awiriawiri, wina kwa wosunga njinga wa pa siteshoni uja wina kwa msungichuma. Pa chishalo ikani bawuti yomasula mosavuta kuti wamfupi ndi wamtali onse azikwanira.

Nkhani ya ndalama ikambidwe poyera ndipo ilembedwe, za pakamwa chabe zimadanitsa abale. Ndalama zake zili mitundu itatu ndipo zisasakanikirane. Pali yolowera m'gulu, imene mwagulira njinga, aliyense wofanana, wobwera mochedwa alipirenso yomweyo kapena kuposerapo chifukwa wapeza anzake atavutika kale. Pali chikole, ndalama imene membala amasiya n'kudzaitenga tsiku lotuluka m'gulu ngati alibe ngongole, imeneyi si ya gulu, si yogulira tayala, si yobwereketsa kwa tcheyamani pamaliro, ikhale payokha osaigwira, kumbukirani za Ofo zija. Ndiye pali yokwerera, imene munthu amalipira akatenga njinga. Mtengo wake muupeze motere, funsani kuti kabaza wa kapalasa amatchaja zingati kupita ndi kubwera pa ulendo wamba wa m'dera lanu, yanu ikhale yotsikirapo ndithu mwina theka, chifukwa wopalasa ndi mwini wake, koma isakhale yaulere. Zaulere zimaoneka zachikondi mwezi woyamba, mwezi wachitatu matayala atatha palibe wofuna kusonkha.

Ndalama yokwererayo pakutha pa mwezi igawidwe patatu, malipiro a wosunga, thumba lokonzera, ndi thumba logulira njinga ina mtsogolo. Langizo langa pa thumba lokonzera ndi lakuti musamasunge ndalama yambiri ngati ndalama, ikangokwana gulani machubu, tayala, tcheni, mabuleki n'kusunga m'katoni, kwacha mmene imayenderamu chubu chimene mungagule lero pakatha miyezi isanu ndi umodzi mtengo wake ndi wina. Kulipira kukhale kwa pafoni ngati n'kotheka chifukwa meseji imatsala ngati umboni, koma musakanize wa ndalama yapamanja, wosunga alembe pomwepo membala akuona. Nambala yolandirira ndalama isakhale foni ya munthu imene amagulirapo bandulo ndi magetsi, pezani simu ya gulu, ndipo msungichuma azionetsa balansi pa msonkhano uliwonse foni ili m'manja mwa wina.

Pa kutchaja pali nzeru imodzi ya ku Paris imene ndimaikonda. Kumeneko anakonza zoti wolembetsa mphindi 30 zoyambirira asalipire kanthu, koma akapitirira mtengo uzikwera mofulumira, cholinga chake njinga ibwerere msanga wina aigwiritse ntchito. Kwathu kuno mphindi 30 n'zochepa, kuchigayo kokha pamzere ungathe ola, ndiye ikani kuti ola loyamba ndi theka mtengo wotsika, ola lililonse lowonjezera mtengo wokwererapo, ndipo tsiku lonse likhale lodula ndithu komanso lopempha dzulo lake. Mukapanda kutero padzapezeka mmodzi wotenga njinga 7 koloko n'kukaiimika kuntchito kwake mpaka dzuwa kulowa, anzake akuyenda wapansi atasonkha nawo.

Kope ndiye mtima wa zonse. Kope la hadikava, mizere yojambula ndi rula, tsiku, nambala ya njinga, dzina, nthawi yotenga, kumene akupita, nthawi imene akuyembekeza kubwera, nthawi imene wabweradi, ndi kabokosi komaliza ka mmene njinga ilili. Mzere umodzi uzioneka chonchi, njinga 3, 7:10, kuchigayo cha kumsika, kubwera 8:30, wabwera 8:45, buleki yakumbuyo ikulira. Basi. Wotenga asaine, pobweza asainenso. Palibe kutenga njinga osalemba, kaya ndi tcheyamani, kaya ndi abusa, kaya akuti ndikungofika apa pompa. Tsiku limene wosunga adzachite manyazi kuuza munthu wamkulu kuti lembani kaye, tsiku limenelo kope layamba kufa, ndiye gulu lonse limuikire kumbuyo wosungayo poyera pa msonkhano woyamba kuti asamaope. WhatsApp igwire ntchito yosungitsa malo ndi kudziwitsana, mawa 5 koloko ndikufuna nambala 2, kapena ndachedwa tayala laphwa ndili pa Chilinde, koma isalowe m'malo mwa kope chifukwa si onse ali ndi foni ya intaneti ndipo bandulo imatha.

Inu wokwera, musananyamuke tengani mphindi imodzi. Finyani matayala onse awiri ndi chala, gwirani mabuleki n'kukankha njinga muone ngati ikuimadi, onani tcheni ngati sichinalendewere, gwedezani chishalo ndi mahandulo. Mukapeza vuto nenani pomwepo lilembedwe, apo ayi pobwera lidzakhala lanu. Mumsewu yendani kumanzere limodzi ndi magalimoto, osati moyang'anizana nawo ngati mmene ena amachitira pofuna kudula njira, pokhota tambasulani mkono nthawi ikadalipo. Chenjerani kwambiri pa masiteji, minibasi imapatuka mwadzidzidzi ikaona munthu wakweza dzanja ndipo chitseko chimatseguka isanaime, njinga zamoto nazo zimatulukira mbali iliyonse. Pa maraundabauti ndi pa mphambano zikuluzikulu ngati pa Crossroads kapena pa interchange ya Area 18, ngati simunazolowere tsikani muwoloke mukukankha, palibe chamanyazi. Malole a ku Kanengo musayende m'mbali mwawo pokhota, dalaivala sakuonani. Ine ndingakonde gulu lililonse poyamba lidziikire malire, njinga zizizungulira m'dera ndi madera oyandikana nawo, za kutawuni ku Tsoka kapena ku depoti zidzabwere anthu atazolowera komanso mutadziwa pokaimika podalirika. Mdima ukagwa njinga zonse zikhale zitabwera, pokhapokha ngati ili ndi nyali ndipo wokwera wavala chowala. Gulu ligulenso zipewa zoteteza mutu ziwiri kapena zitatu zizikhala pa siteshoni, moyo wa munthu ndi wodula kuposa njinga zonsezo.

Malamulo ena awiri amene muyenera kuumirira. Membala sabwereketsa njinga ya gulu kwa munthu wina, ngakhale mlamu wake, amene wasaina ndi amene wakwera. Ana a mamembala okulirapo akhoza kulembetsedwa pansi pa dzina la kholo, kholo n'kuvomera kuti chowonongeka ndi chake. Ndipo njinga ya gulu si yochitira kabaza kapena kunyamulira matumba atatu a makala, katundu wa panyumba inde, thumba limodzi la chimanga inde, koma za bizinesi yolemera zimathyola masipoko ndipo wolipira ndi gulu lonse.

Alipo ena m'gulu, makamaka amayi akuluakulu, amene sanaphunzirepo kupalasa kapena anasiya kalekale ali atsikana. Musawasiye. Lamlungu masana pa bwalo la sukulu, tsitsani chishalo mpaka mapazi afike pansi, ayambe kudzikankha ndi mapazi osaponda mapedulo kufikira atazolowera kusagwa, kenako mapedulo. Amaphunzira msanga kuposa mmene amaganizira.

Kukonza kusadikire kuti njinga ife. Sankhani tsiku limodzi pa sabata, Loweruka m'mawa mwina, njinga zonse zidutse m'manja mwa wokonza, kupopa, kumanga mabawuti, kukoka masipoko olefuka, kupukuta tcheni n'kuthira oyilo pang'ono. Nyengo zathu ziwiri zonse ndi zankhanza pa njinga, kuyambira August mpaka October fumbi limalowa mu tcheni n'kusakanikirana ndi oyilo kukhala ngati phala la mchenga lodya zitsulo, ndiye oyilo wambiri si wabwino, pukutani kaye. Mvula ikayamba mu November mpaka cha mu April matope amadzaza m'madigadi, mabuleki sagwira bwino limu ikanyowa, ndipo njinga yosiyidwa ndi matope usiku imachita dzimbiri, wobweza aitsuke kaye. Mamembala aphunzirenso kumata chubu, khalani pansi tsiku lina muonerere mmene bambo aja amachitira, amapopa chubu n'kuchimiza m'beseni la madzi pang'onopang'ono mpaka timathovu titatuluka, amaika chizindikiro, amapala pamalopo ndi sandipepa, amapaka solushoni n'kudikira kuti iume kaye osathamanga, kenako chigamba n'kuchipsinja, ndipo asanabwezeretse amayendetsa chala mkati mwa tayala kufuna munga kapena kawaya kamene kanabaya, chifukwa kakatsalamo chubu chiphwanso asanafike pakona. Mugwirizane kuti kuphwa kwa tayala ndi kutha kwa zitsulo ndi za gulu, koma kugunda chipupa kapena kupinda limu chifukwa cha katundu wopitirira ndi za wokwera.

Njinga idzabedwa tsiku lina, konzekani. Kambiranani lero, palibe amene wakwiya, kuti zikadzachitika zidzatha bwanji. Njira imene ndimaiona yachilungamo ndi iyi, ngati munthu anakhoma bwino, fulemu yomangirira ku chinthu chosasuntha osati tayala lokha, ndipo wabweretsa kiyi ndi lipoti la kupolisi, gulu ligawane naye mtengo. Ngati anaisiya yosakhoma kuti ndingolowa mu shopu kamphindi, alipire yonse, pang'onopang'ono ngati n'kofunika, chikole chake chikhale poyambira. Ikangosowa nenani pa WhatsApp nthawi yomweyo, pitani kupolisi ndi nambala ya fulemu ndi chithunzi chija, ndipo uzani okonza njinga a madera oyandikana ndi akabaza a pa masiteji, iwowa amaona njinga iliyonse yodutsa.

Ndatchula akabaza, ndipo ndikufuna ndinene bwino apa. Anthuwa akudyetsa mabanja ndi miyendo yawo, ndipo akaona njinga zachikasu zikuima pafupi ndi siteji yawo akhoza kuganiza kuti mwabwera kudzawalanda chakudya. Pitani mukakambirane ndi tcheyamani wa siteji musanayambe, afotokozereni kuti njinga ndi za mamembala okha, simunyamula anthu, ndipo siteshoni yanu musaiike pamphuno pawo. Zoona zake n'zakuti mudzawafunabe, wodwala, wa katundu wolemera, wobwera usiku, mlendo wosadziwa njira, onsewo ndi a kabaza. Mukakhala nawo bwino adzakhala maso anu mumsewu.

Pakatha miyezi itatu khalani pansi ndi kope, muwerenge. Njinga iti ikutuluka kwambiri, ola liti anthu akubwerera chifukwa zonse zatuluka, ndalama yokwerera ikukwanira kukonza ndi kulipira wosunga kapena mukuonjezera za m'thumba. Ngati sikukwanira kwezani mtengo pang'ono kapena onjezani mamembala awiri atatu a maola amene njinga zimangokhala, musabise kuti zinthu zioneke bwino.

Siteshoni yachiwiri ndiyo imene aliyense adzailakalake, kuti munthu atenge njinga kunyumba akaisiye pa siteji ya minibasi osabwerera nayo, ndipo kumeneko ndiye kubwerekana kwenikweni ngati kwa m'mizinda ikuluikulu. Koma dziwani vuto lake musanalowemo. M'mawa njinga zonse zidzathera ku siteji, kunyumba kudzakhala kopanda kanthu mpaka madzulo, mayi wa kusikelo uja wa 9 koloko apeza palibe. Makampani akunja amalemba anthu ntchito yongozungulira ndi magalimoto kusamutsa njinga kuchoka kodzaza kupita kopanda, ndipo ku Paris ankapatsa mphindi zaulere munthu wokasiya njinga pa siteshoni za pamtunda chifukwa aliyense amakonda kutsetsereka. Inu galimoto mulibe, ndiye chitani zing'onozing'ono, amene akuchokera ku siteji kubwera m'dera m'mawa, monga mlonda woweruka ntchito yausiku, akwere ulere, kapena mupatse mnyamata wodalirika kenakake kuti 8 koloko azibweza ziwiri, imodzi akupalasa ina akuikoka pambali. Njinga imodzi ikhale yosachoka ku siteshoni yakunyumba kupita ulendo wosabwerera, ikhale ya maulendo opita ndi kubwera okha. Makope akhale awiri, uku ndi uku, ndipo madzulo aliwonse osunga awiriwo aimbirane foni kuwerengetsa kuti nambala 1 mpaka nambala yomaliza iliyonse yagona kuti. Ngati pa siteshoni imodzi yokha kuwerengetsa kumeneku kukumavutabe, yachiwiriyo idikire kaye.